Kompresa yachitsulo ili ndi malo ake, ndipo ambiri tikuiika polakwika

Anzanga ojambula nyimbo, mkangano wa kompresa yachitsulo (makina otsitsa mawu akakwera kwambiri kuti amveke okhazikika) ndi ma plugin (mapulogalamu a mu kompyuta ogwira ntchito yomweyo) sutha msanga. Ine ndili mbali ya chitsulo, koma osati pa chifukwa chimene ambiri amapereka choti nyimbo ikangodutsamo imatuluka yofunda. Nyimbo yojambulidwa moipa ikalowa m'chitsulo chodula imatuluka ili yoipabe. Chimene ndimakondera makinawa ndi khalidwe lawo akakumana ndi mawu a munthu amene akuimba pompopompo.

Taonani kompresa ya LA-2A, imene Jim Lawrence anapanga ku Teletronix m'zaka za m'ma 1960. Mkati mwake muli kachipangizo kotchedwa T4: mbali imodzi imawala mawu akamakwera, mbali ina imaona kuwalako n'kutsitsa mawuwo. Kukoma kwake kuli pa kumasula. Woimba akatsika, theka la kupanikiza limachoka nthawi yomweyo, koma theka linalo limachoka pang'onopang'ono, mwina masekondi angapo, kutengera kuti wakhala akukweza mawu kwa nthawi yaitali bwanji. Ndiye kuti makinawo amakumbukira zimene woimba wangochita kumene. Mabatani akuluakulu ndi awiri basi, Gain ndi Peak Reduction. Palibe zambiri zoti ugwiregwire, umangomvetsera n'kuzungulitsa.

1176 ya Bill Putnam, imene inatuluka mu 1967, ndi ya mtima wina. Mosiyana ndi LA-2A, mulibe machubu amagetsi, imagwiritsa ntchito transistor ya FET, ndipo imagwira mawu mwachangu choopsa, pakati pa ma microsecond 20 ndi 800. Ratio yake, kapena kuti mlingo wa kupanikiza, ndi mabatani anayi: 4, 8, 12 ndi 20. Amene mukuigwira koyamba dziwani kuti attack (liwiro logwirira mawu) ndi release (liwiro lowamasulira) zimayenda mozondoka, mukamazungulitsira kumanja ndi pamene ikufulumira. Ena amadina mabatani onse anayi nthawi imodzi pa maikolofoni yotola ng'oma zonse m'chipinda, ng'omazo n'kumveka ngati zikufuna kuthyola sipika. Pa mawu a woimba, njira yodziwika ndi yoti 1176 ikhale patsogolo kuti idule nsonga zobaya, LA-2A ibwere pambuyo kudzasalaza zotsalazo, iliyonse ikuchotsa pang'ono.

Malo enieni a makina ngati amenewa ndi pojambula, pakati pa preamp (chokwezera mawu ochokera m'maikolofoni) ndi kompyuta. Woimba akamva mawu ake m'mahedifoni atakhazikika, popanda kuchedwa kulikonse, amaimba mosiyana. Amasiya kuthawa maikolofoni pa kolasi. Amanong'ona pa vesi molimba mtima chifukwa akudzimva bwinobwino. Iwe uli kuseri kwa galasi ukuona kamuvi ka mita kakutsika pa 3 kapena 5 dB (muyeso wa kukwera kwa mawu) pamene wakweza, n'kubwerera modekha pamene akupuma. Zimene zajambulidwa pamenepo ndi zomwezo, sungadzazichotse mawa. Ena amaopa zimenezi. Ine ndimati n'zimene zimaphunzitsa khutu, chifukwa munthu amene sangabweze amamvetsera ndi mtima wonse asanadine batani lofiira.

Tikafika pomikisa nkhani imasintha, ndipo apa ndiwapatse ulemu wawo a ma plugin. Makope a makinawa amene Universal Audio ndi Waves amapanga ngati ma plugin ndi abwino ndithu. Andrew Scheps, katswiri womikisa nyimbo amene anali ndi zitsulo zodzaza chipinda, anasamukira mu kompyuta ndipo ntchito yake sinatsike. Chitsulo chimodzi chimagwira track imodzi, pamene plugin ungaiike pa ma track makumi anayi. Kuti udutsitse mawu m'chitsulo uyenera kuliza nyimbo yonse kuchokera poyamba mpaka pomaliza n'kuijambulanso. Mwini nyimbo akaimba foni patatha sabata kuti bass itsikeko pang'ono, umayamba kufufuza chithunzi cha mabatani chimene unatola tsiku lija, ndipo ngakhale uwabwezere pomwe anali, machubu ozizira ndi machubu otentha samveka chimodzimodzi. Chitsulo chimene chimandikopa pomikisa ndi kompresa ya SSL ya pa bus (pamene ma track onse amakumana), ija inatchuka ndi ma console a SL 4000 m'zaka za m'ma 1980. Attack pa 30 ms, release pa Auto, ratio 2 kapena 4, kamuvi kakungogwedezeka pa 2 dB. Ukaiyatsa koyambirira n'kumamikisa ikugwira ntchito, ng'oma ndi bass zimayamba kupumira limodzi. Ukaiika kumapeto ngati mankhwala, imasokoneza zonse zimene unakonza.

Pa mastering, ntchito yomaliza yosalaza nyimbo yomikisidwa kale, ndi pamene mtima umandiwawa. Anthu amamva mbiri ya Fairchild 670 ya Rein Narma, chimphona cha machubu 20 cholemera pafupifupi makilogalamu 30, chimene chinapangidwa m'nthawi yodula nyimbo pa mbale za vinyl. Amamva kuti mng'ono wake, Fairchild 660, anagwira ntchito pa nyimbo za Beatles ku Abbey Road. Kenako amagula makope awiri otchipa a mono (ogwira mbali imodzi yokha) n'kuika imodzi kumanzere ina kumanja kwa nyimbo yomalizidwa. Abale, makina awiri amene sanafananitsidwe sapanikiza mofanana. Ng'oma ikagunda, mawu a woimba amene anali pakati amayamba kupendekera mbali imodzi, ndipo womvetsera pa mahedifoni amamva kuti china chake sichili bwino ngakhale sangachitchule. Akatswiri a mastering amagwiritsa ntchito zinthu ngati Manley Variable Mu, zopangidwira stereo, zambiri zokhala ndi mabatani oyenda mwa masitepe kuti abwerere ndendende pamene anali. Ndipo amachotsa 1 kapena 2 dB yokha. Kufinya nyimbo kuti ifuule kulibenso phindu lakale, chifukwa Spotify imatsitsira nyimbo zofuula kwambiri pafupi ndi -14 LUFS (muyeso wa kufuula kwa nyimbo yonse), ndipo yofinyidwayo imangotsala yopanda mphamvu pambali pa zinzake.

Musanatamande chitsulo chilichonse, fananitsani kaye kukwera kwa mawu. Khutu limanamizidwa mosavuta, chimene chakwera pang'ono chimamveka chokoma. Tsitsani output mpaka mawu odutsa m'chitsulo ndi osadutsamo akhale pa msinkhu umodzi, mnzanu azisintha inu musakuona, kenako nenani chimene mwakonda.

Ngati ndalama zikukwanira chitsulo chimodzi, tengani cha mtundu wa 1176 kapena LA-2A, ngakhale kope la Warm Audio kapena Klark Teknik, muchiike pa njira ya maikolofoni ndipo muzijambula nacho woimba aliyense mpaka mudziwe chimene chimachita pa mawu opyapyala ndi pa mawu a besi. Mukamagula chogwiritsidwa kale ntchito, mverani phokoso lake chili chete, zungulitsani batani lililonse muone ngati silikukanda, ndipo pa LA-2A funsani za T4, chifukwa imakalamba ndipo ikatopa kumasula kuja kumasintha.