Foni Yodula Yoopa Kamchenga

Masabata awiri okha, kumsana kwa foni yanga kwadzaza kale mikwingwirima! Amati galasi lake ndi lolimba zedi. Lolimba pati? Kamchenga kamodzi m'thumba kalikanda, poti pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa zinthu, mchenga uli pa 7, galasilo likungofika cha m'ma 6. Aluminiyamu wa m'mbaliyu ndiye musanene, kugwa kamodzi wabonyoka ngati chitini, mtundu n'kusupuka. Titanium, chitsulo cha m'mbali mwa mafoni ena, nayenso amakandika, mtengo wake wodwalitsa mutu uja. Nanga galasi kumsana ndi la chiyani, kuti ikagwa isweke konsekonse? Akuti mphamvu yotchajira popanda waya siidutsa pachitsulo. Chabwino, koma pulasitiki inalakwanji? Pano tonse tikuthamangira kugula kava ya pulasitiki yomweyo, kubisa kukongola kumene tinalipira ndalama zankhaninkhani.