Nkhawa ilibe makina oyezera

Abale pali nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa mtendere, lero ndingoinena basi. Shuga amakubaya chala, BP amakumanga pamkono, nambala yatuluka nkhani yatha. Koma matenda a nkhawa palibe magazi oti ayeze, palibe sikani yoti ionetse kuti eya ndi izi. Dokotala amadalira zomwe wodwala wanena ndi zomwe buku lake likunena, ndipo mabukuwo nawonso sagwirizana zonse ayi.

Mabuku akuluakulu alipo awiri, DSM ya madokotala a zamaganizo a ku America ndi ICD ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse. Mu 1980 DSM inagawa nkhawa yomwe kale inali m'thumba limodzi, mantha ongobwera mwadzidzidzi aja paokha, nkhawa yosatha ya china chilichonse payokha, imeneyi ndi yomwe amati GAD. Nthawi imeneyo mwezi umodzi unali wokwanira kuti akuuze kuti uli ndi GAD, kufika 1987 anasintha kuti ikhale miyezi 6. Ndiye taganizani munthu wakhala miyezi 4 tulo osabwera, khosi ndi mapewa zili gwa, kuntchito mutu osagwira, anthu apakhomo akungowakalipira popanda chifukwa, ameneyu tinene kuti sakudwala poti kalendala sinakwane? ICD-11 yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2022 imangoti miyezi ingapo. Munthu yemweyo, buku lina akulowa lina akutsala panja. Mu 2013 DSM-5 inachotsanso OCD (maganizo osachoka okakamiza munthu kubwerezabwereza zinthu) ndi PTSD (kuvutika maganizo pambuyo pokumana ndi zoopsa) pagulu la matenda a nkhawa, koma funsani amene ali nazo ngati mantha anachepa chaka chimenecho.

Sindikunyoza amene amalemba mabukuwa, ntchito yake njovuta ndipo maina ngofunika, popanda dzina kafukufuku sangayende komanso mankhwala angamaperekedwe mwachisawawa. Nkhawa ndi dipuleshoni (matenda a kukhumudwa kosatha) zimayendera limodzi kwambiri moti kusiyanitsa kwake kumavuta zedi, mpaka ICD-11 ili ndi dzina la zosakanikirana ziwirizi pomwe DSM-5 ilibe.

Chimandipweteka ine n'choti fomu yayamba kulowa m'malo mwa khutu. Pali ka fomu kotchedwa GAD-7, mafunso 7 okhudza masabata awiri apitawa, malikisi amathera pa 21, ukafika 10 amati pakufunika kufufuza bwino. Kufufuza bwinotu, osati kugamula. Chifukwa chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyeso mtima umathamanga, manja amanjenjemera, thukuta kamukamu, ndendende nkhawa. Khofi wambiri amachita zomwezo, kusiya mowa mwadzidzidzi kwa munthu amene anazolowera chimodzimodzi. Ukangomupatsa dzina la nkhawa osayeza thupi, wamuphonya.

Ndiye palinso mbali inayo, imene ndaiona ndi maso anga. M'bale wanga wina anazungulira zipatala pafupifupi chaka chathunthu, mtima kugunda ngati utuluka, kubanika, chizungulire, iye kumangoti ndikufa ine. Amuyeza mtima kangapo konse, zonse zili bwino, bwererani kunyumba mulibe vuto. Mulibe vuto bwanji munthu akuopa kutuluka pakhomo? Iye sananenepo mawu oti nkhawa ngakhale kamodzi, ankati mutu ukundiotcha, mtima ukuthamanga, ndikuganiza kwambiri, ndipo anthu ambiri amafotokoza choncho, kudzera m'thupi. DSM-5 yomweyo inalembamo mawu a Chishona oti kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopyola, povomereza kuti anthu sadandaula mofanana. Koma kulemba m'buku ndi kwina, kumumva munthu m'mphindi zochepa za m'chipinda cha dokotala ndi kwinanso.

WHO imati mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa padziko lonse, ndipo amene amalandira thandizo ndi pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Ine ndikukhulupirira kuti ambiri mwa atatu otsalawo anafikako kuchipatala, kungoti zomwe ananena sizinafanane ndi mawu a pa fomu.

M'bale wanga uja anathandizika tsiku lomwe dokotala wina anaika cholembera pansi n'kumufunsa kuti, zimenezi zikamayamba mumakhala muli pati, ndipo mumaganiza kuti chichitike n'chiyani? Analankhula pafupifupi ola lathunthu, akulira. Panopa akulandira uphungu, sabata yatha wakwera basi yekha.