Ndiwo ndizo zisankhe vinyo, osati mtengo wa botolo

Loweruka lapitali alamu anga anabwera kunyumba ndi botolo la vinyo wofiira wa Cabernet Sauvignon lomwe analigula pa mtengo wokwera ndithu. Patebulo panali nsima, chambo chokazinga ndi nkhwani wotendera. Nditatema nsomba n'kumwerako pang'ono, mkamwa munatsala kakomedwe kachitsulo ngati ndanyambita supuni yakale, ndipo ndinaona alamuwo akukankhira tambula yawo pambali mwakachetechete. Vinyoyo analibe vuto, chambonso chinali chapompopompo, koma ziwirizi siziyendera limodzi. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa ndalama zomwe anawononga zikanagula mabotolo angapo a vinyo woyenerera chakudya chimenechi.

Nsima payokha siikangana ndi vinyo aliyense, choncho munthu akamasankha botolo ayenera kuyang'ana mu mbale ya ndiwo. Vinyo wofiira wamphamvu amakhala ndi tannin, chinthu chochokera ku makoko ndi nthanga za mphesa, chomwe chimaumitsa mkamwa monga zimachitikira ukaluma nthochi yosapsa kapena ukamwa tiyi wowira kwambiri wopanda mkaka. Mafuta a nyama yofiira amafewetsa kuuma kumeneko, koma nsomba imakuwonjezera.

Pa chambo, usipa wokazinga kapena nkhuku yophika ndi tomato, ine ndimaimira vinyo woyera wa Chenin Blanc wa ku South Africa, ndipo sindichita manyazi kutenga wa pa shelefu ya pansi. Dziko limenelo lili ndi minda ya mphesa za mtunduwu yochuluka kuposa dziko lina lililonse, komwe alimi akale ankazitcha Steen, ndipo zimalimidwa kwambiri ku Swartland, Paarl ndi Breedekloof. Kuchulukako n'kumene kumagwetsa mtengo, osati kuipa kwa vinyoyo. Ali ndi kuwawasa kwabwino komwe kumagwira ntchito yofanana ndi mandimu amene timafinyira pa nsomba: kumachotsa mafuta pa lilime, ndipo nthongo yotsatira imakoma ngati yoyamba. Ngakhale nkhwani wotendera, womwe nsinjiro zake zimalemera mkamwa, umapepuka ukamwera vinyo ameneyu atazizira bwino.

Vinyo wofiira malo ake ali pa nyama ya mbuzi yootcha kapena ya ng'ombe yophika nthawi yaitali mpaka msuzi kukhuthala. Apa Pinotage wotchipa amakwanira. Mtundu wa mphesa umenewu unapangidwa mu 1925 ndi Abraham Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch, pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo kafungo kake kokhala ngati ka utsi kamagwirizana ndi nyama ya pa makala. Pempho langa ndi limodzi: muikeni mu firiji mphindi 20 musanatsegule. Malangizo akuti vinyo wofiira asazizidwe anachokera ku Ulaya, komwe nyumba zimakhala zozizira kale, ndipo amatanthauza madigiri pafupifupi 16 mpaka 18. Botolo lomwe latandala pa kabati m'mwezi wa Okutobala ku Lilongwe limakhala lofunda, ndipo zikatero mowa wokhawo ndiwo umamveka, kukoma kwa mphesa n'kubisika.

Nkhani ya tsabola ndiyo yomwe ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena. Iwo amanyoza vinyo wotsekemera pang'ono, monga rosé (vinyo wa pinki) wa Four Cousins wochokera ku Robertson, ku South Africa, ponena kuti ndi wa anthu osadziwa vinyo. Koma wina ayesere kudya ndiwo zothira kambuzi kapena Nali, n'kumwera vinyo wofiira wokhala ndi mowa wa 14 peresenti, adzaona kuti moto wa tsabolawo ukuwirikiza. Shuga wochepa uja amaziziritsa lilime, ndipo popeza vinyo wotere mowa wake umakhala wotsikirapo, chakudya chimamveka bwino. Ndivomereze kuti pa nyemba kapena pa ndiwo zamasamba zopanda tsabola kutsekemerako kumaphimba chilichonse, motero pamenepo ndi bwino kufunafuna botolo lolembedwa kuti dry, kutanthauza vinyo wosatsekemera.

Vinyo wa mu bokosi nayenso sindimunyoza. Pakhomo pomwe anthu awiri amamwa tambula imodzi imodzi pa chakudya chamadzulo, botolo lotsegulidwa limayamba kusasa pakapita masiku atatu kapena anayi, pomwe thumba la mu bokosi sililowa mpweya ndipo vinyo amakhala bwino kwa milungu ingapo. Chofunika n'kuyang'ana tsiku lolembedwa pa bokosilo ndi kupewa lomwe lakhala padzuwa m'sitolo.

Alamu anga ndawaitananso Loweruka likudzali. Cabernet amene anatsala uja ndaphikira nyama ya ng'ombe, ndipo Chenin Blanc wa chambo chathu ali kale mu firiji.