Voti ya wansembe wa ku Gir ndi mavoti 23 miliyoni opanda mpando

Ku Gujarat m'dziko la India kuli nkhalango ya Gir, kwawo kwa mikango. Mkati mwakemo, pamalo otchedwa Banej, muli kachisi, ndipo wansembe wa pamenepo ndiye yekha wovota. Chisankho chikafika, ogwira ntchito amasenza makina ndi inki n'kulowa m'nkhalangomo kukamutsegulira malo oponyera voti. Munthu mmodzi basi! Bungwe loyendetsa zisankho kumeneko linakhazikitsa kuti wovota asayende mtunda wopitirira makilomita 2, ndipo limayesetsa kusunga mawu ake.

Anzanga, nkhani imeneyi imandikhudza mtima. Pa chisankho cha aphungu cha dziko lonse la India mu 2024, anthu pafupifupi 970 miliyoni analembetsa, ndipo opitirira 640 miliyoni anavotadi. Kuvota kunachitika m'magawo 7, kuyambira pa 19 April mpaka pa 1 June, kuti asilikali ndi ogwira ntchito azitha kusamuka chigawo ndi chigawo. Kuwerenga kunachitika tsiku limodzi, pa 4 June.

Ukalowa, amakupaka inki pa chala cha mkombaphala cha kumanzere. Kuseri kwa katoni kuli makina oyendera batire, ndipo pambali pa dzina lililonse pali chizindikiro cha chipani: duwa la BJP, chikhatho cha Congress, njovu ya BSP, tsache la AAP. Gogo amene sanapiteko kusukulu amangoyang'ana njovu yake n'kudina batani. Kapepala kamaoneka pagalasi kwa masekondi 7 kusonyeza amene wam'sankha, kenako n'kugwera m'bokosi lomata. Ngati onse sakukusangalatsa, pansi penipeni pali batani la NOTA lowakanira onsewo.

Koma chondiwawa chili pa kawerengedwe. Nyumba ya malamulo yotchedwa Lok Sabha ili ndi mipando 543. Dera lililonse limatumiza phungu mmodzi, ndipo wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi. Chipani kapena mgwirizano wofikitsa mipando 272 ndiwo umapereka nduna yaikulu. Ife ku Malawi njira imeneyi timaidziwa bwino, aphungu athu timawasankhanso chimodzimodzi, tonse tinaitengera ku Britain.

Taonani zomwe zinachitika mu 2014. BJP ya Narendra Modi inapeza mavoti 31 pa 100 alionse koma inatenga mipando 282, yokwanira kulamula payokha. Chaka chomwecho BSP ya Mayawati, chipani chodalira kwambiri anthu a mtundu wa Dalit amene akhala akunyozedwa kuyambira kalekale, inapeza mavoti pafupifupi 23 miliyoni. Pa kuchuluka kwa mavoti inali yachitatu dziko lonse. Mpando? Ngakhale umodzi. Pomwe AIADMK, chipani cha m'chigawo cha Tamil Nadu, imene mavoti ake anachepera a BSP, inalowa ndi aphungu 37, chifukwa anthu ake anaunjikana chigawo chimodzi.

Ndiye ndimadzifunsa: boma lovutikira voti ya wansembe mmodzi m'nkhalango lingalole bwanji kuti anthu 23 miliyoni aime pamzere padzuwa loswa mtengo, kenako chipani chawo chisamveke n'komwe m'nyumba ya malamulo?

Ena anena kuti ubwino wake ndi wakuti phungu umam'dziwa, vuto likagwa umadziwa khomo logogoda. Pamenepo sindikutsutsa, ndi zoona ndithu m'dera laling'ono. Koma dera la Malkajgiri ku Telangana lili ndi ovota opitirira 3 miliyoni. Phungu mmodziyo angagogodedwe ndi angati? Dera la zilumba la Lakshadweep, la ovota osakwana 60,000, nalonso lili ndi phungu mmodzi. Kagawidwe ka mipando m'zigawo kakutsatirabe kalembera wa 1971.

Ine ndikanakonda akanasunga aphungu a m'madera, koma n'kuwonjezera mipando ina yogawidwa molingana ndi mavoti a chipani chilichonse, monga amachitira ku Germany ndi ku New Zealand. Mu 2024 BJP inatsika kufika pa mipando 240 n'kuyamba kudalira zipani zinzake, chonsecho mavoti ake anangotsika pang'ono kuyerekeza ndi 2019 pomwe inali ndi 303. Ku Mumbai North West chaka chomwecho mpando unapita ndi kusiyana kwa mavoti 48 okha.