Nthungululu zanu zidzamangitsa munthu amene mukumutamayo

Tamverani kuno, inu amene mfuti ikangolira pa golosale kapena pa depoti ya feteleza mumasiya nsima m'mbale n'kuthamangira komweko, foni ili m'mwamba. Mbava ili kwala pakhonde, mlonda amene waiwombera ali njenjenje mfuti idakali m'manja, koma inu mwafika kale chikhamu. Wina akuponda m'magazi, wina akutembenuza mtembo ndi phazi kuti nkhope ioneke bwino pa kanema, amayi ali pambali kululutira. Pofika madzulo Facebook yadzaza ndi "wachita bwino", "onse azitero". Kutopa kwanu n'komveka, pakuti achifwamba atema anthu ndi zikwanje m'nyumba zawo zomwe, asiya ana amasiye, aphetsa mabizinezi. Koma zimene mumachita pamalopo zikupweteka munthu yemweyo mukumutcha dolo, ndipo ambiri a inu simukudziwa n'komwe.

Yambani mwadziwa kuti munthu akafa ndi chipolopolo, kaya ndi mbava yotchuka chotani, apolisi amatsegula failo. Gawo 16 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza moyo wa munthu aliyense, silinapatule wakuba. Amene wawomberayo amayenera kuonetsa kuti amadziteteza, ndipo gawo 17 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, limati nkhani yodziteteza kapena kuteteza katundu iziweruzidwa potsata mfundo za malamulo a ku England. Mfundozo zimafunsa mafunso awiri. Kodi munthuyu anakhulupiriradi kuti moyo wake kapena wa mnzake uli pangozi nthawi yomweyo? Nanga mphamvu imene anagwiritsa ntchito ikulingana ndi ngoziyo? Mbava imene yakuloza mfuti pachifuwa ndi nkhani ina, mbava imene yataya chikwanje ikulumpha mpanda kuthawa ndi nkhani inanso. Ngozi ikatha, chilolezo chowombera chathanso.

Kuli nkhani ya ku England komweko imene aliyense wosunga mfuti ayenera kuidziwa. M'chaka cha 1999 mlimi wina wa ku Norfolk, Tony Martin, anawombera akuba awiri amene analowa m'nyumba mwake usiku, ndipo mmodzi, mnyamata wa zaka 16, anafa. Anthu ambiri m'dzikomo anamuikira kumbuyo. Koma chipolopolo chinalowera kumsana, ndipo mfutiyo inalibe chiphaso. Mu 2000 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, mu 2001 apilo inatsitsa mlanduwo n'kumupatsa zaka zisanu, ndipo anatuluka m'ndende mu 2003. Kuombera m'manja kwa anthu sikunalowe m'khoti. Chimene chinalowa ndi umboni wa pamalopo.

Umboni umenewo ndi umene inu mumapondereza. Zigoba za zipolopolo zimagwa pafupi ndi pamene wowombera anaima, ndiye wapolisi akaziona pamalo pake amadziwa amene anaima pakhomo, amene anali panja, ndi mfuti zingati zimene zinalira. Ngati mbava inayamba kuwombera, chigoba cha mfuti yake ndiye mboni yaikulu ya mlondayo. Mwana akachitola n'kupita nacho kwawo kukaseweretsa, mboniyo yapita. Bowo la chipolopolo pachitseko kapena pakhoma limasonyeza kumene chinachokera, koma wina amalowetsamo msomali kufuna kuchitulutsa. Madontho a magazi amaonetsa ngati munthu anagwa pomwe anawomberedwa kapena anayenda kaye. Mapazi makumi asanu akadutsapo, sipatsala chowerenga.

Mtembo nawonso umalankhula. Dokotala wopima amaona bala lolowera, limene kawirikawiri limakhala laling'ono, ndi lotulukira, ndipo mwaye wa onga pakhungu kapena pa malaya umamuuza ngati mfuti inali pafupi kwambiri. Inu mukaukoka mtembowo, kuuvula malaya, kuuponya miyala, dokotala adzapeza mabala khumi pa thupi limene linali ndi bala limodzi. Loya wa boma adzafunsa kuti munthuyu anafa ndi chipolopolo kapena ndi kumenyedwa, ndipo ngati anawomberedwa ataima kapena atagona kale. Amene adzavutike kuyankha si inu, ndi mlonda uja wa malipiro ochepa, amene pamenepo adzakhala ali m'chitolokosi.

Choipitsitsa ndi chida cha mbavayo. Pamakhala mnyamata wochangamuka amene amanyamula mfuti kapena chikwanjecho n'kuchikweza m'mwamba kuti amujambule. Zidindo za zala zake zakhala pamenepo tsopano, pamwamba pa za mwini wake. Nthawi zina chidacho chimasowa ndithu m'chipwirikiti. Tsono taganizani: mlonda akuti mbava inali ndi mfuti, apolisi afika mfutiyo palibe. Mwasandutsa munthu wodziteteza kukhala wopha munthu wopanda chida. Ndipo mfuti yogwa pansi imakhala yotchera. Ngakhale mutachotsa magazini, kabokosi kosungira zipolopolo, chipolopolo chimodzi chimatha kutsala m'kati, chala chikangokhudza chikoka basi. AK-47, imene inachuluka kuno chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992, magazini yake imalowa zipolopolo 30, ndipo chipolopolo chake chimaboola malata, chitseko chathabwa ndi chitseko cha galimoto n'kukapha munthu ali pa mtunda wa mamita mazana angapo. Mwana amene mwamubereka kumbuyo pobwera kudzaonerera mwamubweretsa kutsogolo kwa chinthu chotere.

Musaiwalenso kuti achifwamba sayenda okha. Mmodzi akagwa, anzake amakhala sanapite patali, ena amabwerera n'kusakanikirana nanu kuti amve zimene zikukambidwa. Inu ndiye mumawauza zonse: dzina la wowombera, nyumba yake, sukulu ya ana ake, kuti mfuti amaisunga kuchipinda. Kenako chithunzi chake mumachiika pa gulu la WhatsApp la anthu mazana awiri amene theka simuwadziwa. Mukagona tulo inu, iye ndi banja lake akusamuka usiku.

Ndifike pa chinthu chimene chimandiwawa koposa. Mbava ikagwa ili moyo, ikubuula, ena mwa inu mumathamangira petulo ndi matayala. Pamenepo palibenso kudziteteza. Munthu wogona pansi wopanda chida saopseza aliyense, ndipo kumutsiriza ndi mlandu wakupha pansi pa gawo 209 la Penal Code, umene chilango chake chimafika pa kunyongedwa kapena ndende moyo wonse. Musadzinamize kuti munali ambiri. Magawo 21 ndi 22 amati wothandiza, wolimbikitsa, ndi onse amene anali ndi cholinga chimodzi, mlandu ndi umodzimodzi. Wogula petulo, wopereka machesi, wofuula kuti "muotcheni", onsewo ali m'gulu limodzi ndi woyatsa. Kanema amene mukujambula monyadirayo ndi amene apolisi adzagwiritse ntchito potola anthu mmodzimmodzi, ndipo mlandu suola.

Khamu silifunsa. Mu Marichi 2016 ku Nsanje anthu asanu ndi awiri anaotchedwa powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu, popanda khoti kumva mbali yawo. Mu 2017, nthawi ya mphekesera za anamapopa, ku Blantyre anaotcha munthu wodwala khunyu. Pamalo pamene pachitika chifwamba usiku pamakhala anthu ambiri othawa: kasitomala, wakabaza amene anangonyamula munthu osadziwa, mnyamata wochokera ku ganyu. Wina akangoloza chala kuti "uyu anali nawo", zatha. Chaona mnzako chapita, mawa adzakhala mwana wanu wobwera mochedwa kuchokera ku mpira.

Komanso mbava yamoyo ili ndi phindu kuposa mtembo. Ndi imene ingatchule anzake, amene anawabwereka mfuti, amene amagula katundu wakubayo, ndi wantchito wa m'kati amene anaulula tsiku limene ndalama zimagona m'sitolo. Gawo 301 limalola khoti kupereka ndende moyo wonse ngakhale chilango cha imfa kwa wakuba ndi chida. Mukaiotcha, mwaotchera limodzi mayina onsewo, ndipo gululo lipeza mnyamata wina sabata yamawa.

Chofunika pamalopo n'chochepa. Imbani 997 kapena nambala ya polisi ya kwanuko, munene malo enieni, anthu angati avulala, ndi kumene othawa alowera. Akuluakulu awiri kapena atatu, a mfumu kapena a komiti ya chitetezo cha m'dera, abweze anthu patali mapazi osachepera makumi awiri ndipo amange chingwe. Pasakhale wosesa kapena wothira madzi pa magazi. Wovulala, kaya ndi mlonda kaya mbava, chida chikakhala kuti chili kutali naye, mutsindike pa bala ndi nsalu yoyera mwamphamvu osasiya, manja mutavala magolovesi kapena jumbo chifukwa cha matenda oyenda m'magazi. Magazi akamatumpha pa mwendo kapena pa mkono, mangani chitenje masentimita asanu mpaka asanu ndi awiri pamwamba pa balalo, mupotokole ndi kamtengo mpaka aleke, ndipo mulembe nthawi. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka munthu amatha m'mphindi zochepa. Musamupatse madzi kapena chakudya, chifukwa angafunike opaleshoni. Amene mwamugwira wamoyo, lamulo limakulolani kumugwira koma limati mumupereke kupolisi mosachedwa.

Nanunso eni mfuti ndi alonda, musatengeke ndi kutamidwa. Musasunthe mtembo kuukokera m'kati mwa mpanda kuti zioneke bwino, musaike chikwanje m'manja mwake. Magazi okokedwa amaoneka, ndipo bodza limodzi lotere limagwetsa zoona zonse zimene mukanene pambuyo pake. Apolisi akamafika, mfuti ikhale pansi, manja aoneke, chifukwa iwo sakudziwa kuti mbava ndi uti. Adzatenga mfutiyo kukaipima ndipo adzafuna chiphaso chake. Ngati chinatha osachikonzanso, umenewo ndi mlandu wina paokha. Mwina mugona m'chitolokosi, koma gawo 42 la malamulo aakulu limati akufikitseni kukhoti pasanathe maola 48 ndipo muli ndi ufulu woonana ndi loya musanalembetse sitetimenti. Wosowa ndalama apemphe a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osauka ndi maloya. Ndipo pakamwa mutseke. Mawu ngati "ndinalumbira kuti wina ndidzamuonetsa", onenedwa pa kanema anthu akukunyamulani pamapewa, woweruza adzawamva ngati munthu amene anakonzekera kupha.

Inu amene munaona zonse ndi maso, ngati mukufunadi kumuthandiza munthuyo, pitani kupolisi mukalembetse zimene munaona, nthawi yake, ndi amene anayamba kuloza mfuti. Kanema amene muli naye mum'pereke kwa wapolisi wofufuza nkhaniyo ali wathunthu, osadula, ndipo musam'tumize pa gulu lililonse mlandu usanathe.