Penti wakuda si mankhwala a dzimbiri

Amakaniko ena mukutipweteka, ndipo lero ndinena. Mlamu wanga analipira ndalama zambiri pagalaja ina kuti amupakire mankhwala oteteza dzimbiri kunsi kwa galimoto. Dzulo wabwera nayo, kunsi kuli bii, kukunyezimira. Ndinagwada n'kukanda ndi sikuludiraiva pafupi ndi tayala lakumbuyo. Penti anangosupuka, pansi pake dzimbiri lili psuu, ndi matope ouma omwe ali momwemo. Ngakhale kutsuka sanatsuke! Angopopera pamwamba, ndalama m'thumba.

Abale, dzimbiri silifa chifukwa mwalibisa. Mukaliphimba limapitiriza kudya chitsulo. Underseal, penti wakuda wopaka kunsi uja, akang'aluka pang'ono, madzi amalowa n'kutsekeredwa momwemo, chitsulo n'kumatha mwini wake akuyenda mtima uli m'malo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ntchito yake mumaidziwa bwinobwino, musanamizire. Galimoto itsukidwe kunsi, iume. Mupale ndi burashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiyere. Pomwe burashi sikufika muthire rust converter, mankhwala opha dzimbiri, kenako penti woyambira wa red oxide, akauma ndiye underseal pomaliza. Pomwe pabooka muwotcherere chitsulo china, osati kumata filler, phala lija lotsekera mabowo. Zimatenga nthawi, inde. Ndiye muuzeni kasitomala abwere mawa, osati kumubera. Kupaka penti pa dzimbiri ndi kuba, palibe dzina lina.

Tikudziwa kuti galimoto zambiri zimabwera zitayamba kale dzimbiri, makamaka za ku UK ndi za kumpoto kwa Japan monga ku Hokkaido, komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Tsono n'chifukwa chake timabwera kwa inu!

Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi mapaipi a mabuleki. Amadutsa kunsi komweko, ndi opyapyala, ndipo inu mwawakuta ndi penti osawayang'ana n'komwe. Paipi yodyeka ikaphulika munthu akutsika mtsetse wa Chiweta kapena wa ku Chikwawa, ana ali kumbuyo, mudzayankha chiyani? Mudzati ndi ufiti? Mvula ikubwerayi, matope azikakamira kunsiko masabata, dzimbiri lomwe mwabisalo likudya usiku ndi usana.

Nanunso omwe mumapopera oyilo wakuda wotsitsa mu injini, eti kuteteza dzimbiri, musiye. Amafewetsa mabushi a rabara, fumbi lonse la mumsewu n'kumatirira, pakhomo n'kumangodontha. Pamapeto mukulipiritsanso munthu oyilo yemwe mumayenera kukataya.