Dalaivala saopa utoto

Alembi, mwanena zoona kuti mizere ndi utoto wa pamsewu zimaonetsa aliyense malo ake, koma pa nkhani ya njinga ndiwonjezepo pang'ono.

Ku Netherlands njira zambiri za njinga n'zofiira, koma sikuti amachita kupaka ayi. Mtunduwo amausakaniza m'phula lenilenilo pomanga msewu, ndiye sufufutika msanga ngakhale mvula igwe chotani. Ku London anayamba kupaka njira za njinga utoto wabuluu mu 2010, koma mabasi ndi malole ankapondabe pomwepo, ndipo okwera njinga ena anafa pa raundabauti ya Bow. Mpake kuti pambuyo pake anayamba kumanga kakhoma kakafupi kolekanitsa njinga ndi magalimoto. Dalaivala amaopa chimene chingamuphulitsire tayala, utoto sauopa.

Chimene ndimasirira ine ndi mizere yokhotakhota imene amajambula ku Britain pafupi ndi powolokera anthu. Pamenepo suimika galimoto, supitiriranso mnzako, kuti wowoloka aoneke akadali patali. Kwathu kuno minibasi imatsitsa anthu powolokera penipeni, mwana wa sukulu n'kutulukira kuseri kwake mosaoneka, wagalimoto n'kuchita kudzidzimuka.

Nanga akabaza? Achuluka zedi m'matauni mwathu koma alibe kanjira kawokawo, amangokanganirana ndi malole m'mphepete mwa tala modyekadyeka. Ndipo dzinja likamatha mizere yoyera ija imakhala itazilala, usiku umangotsata nyali za amene ali patsogolo pako.